Dzanja la Zuhura Lafupika

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha ngati wamisala, komabe mumtimamu muli kanthu kakundidya, ndiye mundithandize. Ine ndine bambo wa ana atatu. Ndimakhala kufupi ndi doko la Kachulu kuno ku Chilwa, kumudzi kwa mkazi wanga. Ntchito yanga ndi kugula matemba kwa asodzi, kuwayanika, n'kukagulitsa pa njinga ku Zomba. Nkhani ili pa mwana wanga wotsiriza, Zuhura.

Zuhura anachedwa kulankhula. Anzake obadwa nawo mvula imodzi anali atayamba kale kutukwana agalu, iye akungoloza ndi chala. Akafuna madzi, kuloza. Ukamufunsa dzina, kubisa nkhope m'chitenje cha amake. Chiyao chathu cha pakhomo ankachimva bwinobwino, koma kuti atulutse liwu limodzi, mpaka umunyengerere ndi chitumbuwa. Anthu anayamba kunong'ona kuti mwanayu lilime lake n'lomangika, ndipo amake anaonda nazo.

Chaka chatha kunabwera mayi wina, Mayi Veronica, Mlomwe wa kutsidya kwa mtsinje wa Likangala. Anagwirapo ntchito nthawi yaitali m'tauni ya Zomba pa sukulu ya mkaka ya ana a azungu. Atatopa ndi tauni anabwerera kumudzi n'kutsegula yawoyawo m'chisakasa cha bango kuseri kwa nyumba. Apampando a chipani a nthambi yathu anakaona, anavomereza, mdzukulu wawo n'kukhala woyamba kulowa. Ife Asilamu tinayamba takayika kuti mwina ndi za tchalitchi, koma tinapeza kuti mulibe zimenezo, ndipo Lachisanu ana amaweruka msanga. Ndinati Zuhura apite, ngakhale akangokhala pakati pa anzake.

Sukulu yake, Aphungu, simunaionepo. Mulibe bolodi, mulibe desiki, mulibe ndodo. Muli mphasa ndi malichero basi. Lichero ili muli zigoba za nkhono, ili muli zitsekerero za mabotolo, ili muli mchenga wolembapo ndi chala, uko zingwe zophunzirira kumanga mfundo, uko ketulo yakale ndi mabotolo. Mwana akafika amasankha yekha chimene akufuna kuchita, amakhala nacho mpaka atakhuta, kenaka n'kubwezera pamalo pake. Mayiwo amangoyendayenda, kugwada apa, kunong'oneza apo.

Chodabwitsa kwambiri ndi maduku. Ali nawo awiri. Akamanga lofiira, pakamwa pawo pamatuluka Chingerezi chokhachokha. Mwana alire, agwe, afune kupita kuseri, iwo amamuyankha m'Chingerezi, manja ndi nkhope zikuthandizira. Dzuwa likakwera amavula lofiiralo n'kumanga lobiriwira, pamenepo ndi Chichewa chosalala ngati cha pa wayilesi. Kumasulira ayi. Ndinawafunsa kuti ana oyamwa Chiyao amva bwanji, anati, “Nanga Chiyaocho anawamasulira ndani?”

Miyezi yoyamba Zuhura sankachita china koma kuthira madzi. Kuchotsa m'ketulo kuthira m'botolo, kuchotsa m'botolo kubwezera m'ketulo. Ndikamadutsa ndi njinga ndinkasuzumira pa mpata wa bango, n'kumupeza yemweyo, lilime panja, akuthira. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinalowa. Ndinati, “Mayi, kodi madzi kuno ku Chilwa ndi osowa kuti mwana azichita kuwaphunzira?” Mwatsoka anali m'duku lofiira. Anandiyankha m'Chingerezi chachitali, mwaulemu ndithu, ine osatolapo ngakhale kamodzi, ana onse n'kufa nalo phwete. Ndinakadikira pansi pa mtengo, matemba akuwauka pa keliyala, mpaka duku linasintha. Pamenepo ndiye anatuluka n'kunena kuti, “Abambo ake a Zuhura, musiyeni. Akathana nawo madziwo adziwa yekha.”

Anadziwadi. M'mawa wina ndikuyala matemba pa thandala ndinamva mawu kuseri kwa khola: “Kamu hiya. Siti dauni.” Ndinaganiza kuti kwabwera alendo a boma, ndinayamba kupapasa m'thumba kufuna khadi la chipani. Kuzungulira, ndi Zuhura, atamanga nsanza yofiira kumutu, akulamula abakha. Abakha osamvera. Anavula nsanza ija, anadzikulunga tsamba la nthochi, n'kuyamba kuwadandaulira m'Chichewa: “Inu abakha, kodi makutu munaiwala kunyanja?” Aphungu, ndinakhala pansi pomwepo pamatope. Mpaka lero sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

Kuyambira tsiku limenelo pakamwa sipatsekeka. Amafunsa dzina la chilichonse, ukamuuza amafunanso dzina lake lina. Amatisanjira nsapato pakhomo kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Analemba dzina lake ndi khala pa bwato la Che Hamisi, ndipo mkuluyo wakana kufufuta, akuti chiyambire nsomba zikugwidwa bwino. Ine amene ndinalekera Sitandade 4 chaka chimene nyanja inauma, lero ndimapatsa moni madona a ku Zomba m'chilankhulo chawo, mphunzitsi wanga ali wolekeza m'chiuno mwanga. Ndikapalasa njinga ndimapezeka ndikuimba. Anthu a m'njira akuganiza kuti ndayamba kumwa.

Tsono vuto ndi ili. Mukudziwa nokha kuti pano ine ndine mkamwini. Mwini mbumba ndi mlamu wanga, Che Rashidi, mlongo wake wa mkazi wanga, telala wa pa Songani. Si munthu woipa. Iye sukulu sanapondeko, bambo ake ankaopa kuti amishoni akamusintha dzina, ndipo mpaka lero zimamuwawa kuti miyeso ya makasitomala amachita kusunga m'mutu. Analumbira kuti mwana wa mlongo wake adzakhala ndi satifiketi. Atamva za malichero anati, “Alamu, imeneyo si sukulu, ndi masanje. Mwanayu akangogwira khutu abwere ku Songani, azikhala kwanga, ayambe Sitandade 1 pa sukulu yeniyeni.” Sukulu ya kwathu kuno ili patali, ndipo mvula ikagwa njira yake imamira, ndiye amake anavomera.

Mukudziwa mmene ahedi amayesera ngati mwana wakula. Dzanja lamanja lidutse pamwamba pa mutu, likagwire khutu lakumanzere. Lafika, walembedwa. Laperewera, chaka chamawa. Ndiye Che Rashidi akabwera kudzaona mbumba amamuimika Zuhura pakhonde kuti ayese. Zuhura amakweza dzanja, amakukuta mano, amabuula ngati akusenza thumba la mpunga, zala n'kuthera pa liwombo. Mwana wamtali bwino, mano akutsogolo ayamba kale kugwedera, koma dzanja ayi. Amalume ake amamuzungulira, kumuyeza ndi maso a utelala, n'kunena kuti, “Chiyambire kusoka sindinaone mkono wotere.”

Sabata yatha ndinapita kuseri kwa matandala kukathamangitsa akhwangwala. Ndinapeza kagulu ka ana katakhala pamzere, Zuhura ali kutsogolo, tsamba la nthochi kumutu. Anakweza dzanja n'kugwira khutu. Osati kungolikhudza ayi, kulikoka ndithu, zala zina n'kutsala. Ndiye anati, “Uku ndiye kulakwitsa. Ukatere akutenga. Taona, Makisoni, phewa ulitsitse, chigongono chipite kutsogolo, khosi uliumitse, nkhope uikwinye.” Makisoni, mwana wa aneba athu, anayesa koma anagwira khutu mwangozi. Zuhura anagwada pambali pake n'kumukonza mofatsa, ndendende Mayi Veronica. Ndinabwerera chambuyo nditadzitseka pakamwa. Akhwangwala anadya mwaufulu tsiku limenelo.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake ahedi atabwera kudzalemba ana anabwerera ndi ochepa, akupukusa mutu kuti chaka chino ana a kudoko manja afupika. Azimayi kuchitsime akuti ndi madzi amchere a m'nyanja. Ena akuti tikuwadyetsa matemba ouma kwambiri.

Koma mkazi wanga sakuseka. Iye akukhulupirira kuti mwana wathu walumala. M'mawa uliwonse amalipaka dzanjalo mafuta a nsatsi, kulikoka, kuliwongola, ndipo ndamupezapo akupukuta misozi. Akuti, “Linayamba lilime, lero dzanja. Mwanayu ndinamulakwira chiyani?” Che Rashidi anena kuti akabwera pa Idi, dzanja likapanda kufika, amutengera kuchipatala.

Ndikanena zoona, Zuhura apita ku Songani. Ndikuopa kuti m'kalasi la ana osawerengeka, aphunzitsi ali ndi ndodo m'manja monga zinalili nthawi yathu, pakamwa paja padzatsekekanso. Ndipo ndisaname, ndikuopanso kufika pakhomo madzulo popanda wondilamula kuti siti dauni. Ndikakhala chete, ndikunamiza mkazi wanga amene akulira, ndi mlamu amene akufuna zabwino. Ndinamufunsa Zuhura mozungulira kuti dzanja lidzakula liti. Anati, “Ndikamaliza zingwe, ababa. Pali mfundo ina ikundivutabe.”

Ndichite chiyani? Idi yayandikira.

A.Y.
Kachulu, Zomba

Bambo A.Y.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko mokweza, ndipo anzanga muofesi muno atha tsiku lonse akuyesana makutu. Mkulu wina waimvi wapezeka kuti phewa silikumulola. Tamuuza abwere chaka chamawa.

Ine khutu ndidagwira mwachinyengo. Ndidali wamfupi ngati chitsa, koma sukulu ndinkaifuna kuposa chakudya, chifukwa achimwene anga ankabwerako ndi nyimbo zachilendo ndi fumbi la choko m'tsitsi. Tsiku lolemba ana ndidapendeketsa mutu pang'onopang'ono mpaka khutu lidakumana ndi chala panjira. Aphunzitsi a Fanuelo adaona, adatsokomola, adalemba dzina. Ndimawakumbukirabe chifukwa cha chifuwa chimenecho. Ife tinkanama kuti atilowetse, mwana wanu akunama kuti asamutulutse. Sukulu imene ana akuchita kuiberamo masiku ili ndi kanthu kabwino mkati mwake, ndipo ndikukondwera nanu ndi mtima wonse.

Koma chimwemwe chisakuphimbeni m'maso. Woyamba pa nkhaniyi si Che Rashidi, si Zuhura. Ndi mayi a kunyumba. Munthu amene adadikira nthawi yonse ija kuti amve mwana wake akumuitana akudzuka m'mawa uliwonse ndi mantha atsopano, inu mankhwala ake muli nawo m'thumba. Auzeni lero, nyuzi ino musanaipinde. Mukafuna, atengeni mwakachetechete kuseri kwa matandala akadzionere okha. Akakwiya, landirani. Mkwiyo umenewo ndi wanu, mwaulimira sabata yathunthu.

Mukatero khalani pansi ndi Zuhura, inu ndi amake, mumuuze kuti mudaona. Musamukalipire, komanso musamuombere m'manja, ngakhale ndikudziwa kuti m'manjamo mukuyabwa. Muuzeni kuti amake akhala akulira chifukwa cha dzanja lija. Mwana wodziwa kugwada pambali pa mnzake n'kumukonza mofatsa adzamva zimenezo popanda ndodo. Ndipo yankho la zingwe lija musaliyese nthabwala. Sadanene kuti sadzapita. Wati sadamalize.

Mayi Veronica nawonso adziwe msanga. Ana ena pamzere uja ndi akulu kuposa Zuhura, ndipo makolo awo sadasankhe kuti ataye chaka. Nkhaniyi ikatulukira kwina, anthu sadzanena kuti ana a kudoko ndi ochenjera. Adzanena kuti mayi uja akuphunzitsa ana kuthawa sukulu ya boma, ndipo mukudziwa nokha kuti mawu otere akafika m'makutu olakwika, chisakasa cha bango sichichedwa kutsekedwa. Mayiwo apite okha kwa ahedi ndi kwa apampando, afotokoze, ana akuluakuluwo ayesedwenso.

Tsopano mlamu wanu. Musadikire Idi, tsiku la zovala zatsopano si lokambira milandu. Pitani ku Songani nonse awiri, matemba osankhidwa bwino ali m'manja, ndipo wolankhula akhale mlongo wake. Inu mkamwini muzingovomereza. Mukanene kuti dzanja lili bwino, za chipatala zisiyidwe, ndipo Zuhura ali ndi choti awaonetse amalume ake. Za satifiketi musakatsutse, chifukwa pamenepo Che Rashidi akunena zoona. Malichero sapereka satifiketi, ndipo Sitandade 1 mwanayo adzailowa ndithu. Inu mukapemphe zinthu ziwiri zazing'ono: chaka chimodzi cha Zuhura, ndi m'mawa umodzi wa Che Rashidi.

M'mawa umenewo adzakhale m'chisakasa chija. Asabwere chimanjamanja ngati woyendera sukulu. Atenge tepi yawo yoyezera, mabatani, ulusi ndi tinsalu totsala, aziike m'lichero, akhale pamphasa osaitana mwana aliyense. Musakonze chionetsero. Mukamuimika Zuhura kuti alakatule Chingerezi pamaso pa mlendo, adzabwerera m'chitenje cha amake, mlandu n'kukutherani. Ingodikirani. Telala sangapirire kuona mwana akulimbana ndi mfundo, zala zidzapita zokha. Ndipo munthu amene adamanidwa sukulu ali mwana, akadzaona tiana tamuzungulira tikumufunsa dzina la batani m'zilankhulo ziwiri, sindikudziwa kuti mawu oti masanje adzawatchulanso bwanji.

Mwina akana. Akakana, ndi mwini mbumba, mwana apite, ndipo apite mwamtendere. Musachite mantha kwambiri. Mwana amene watsegula sukulu yakeyake kuseri kwa matandala si uja ankabisa nkhope. Njinga yanu ingophunzira njira ya ku Songani, kumenekonso matemba amadya.

Pali china chimene simudandifunse. M'kalata yanu ndamva Zuhura akulamula abakha m'Chingerezi, akuwadandaulira m'Chichewa. Chiyao sindidachimve. Zigoba za nkhono zimene ana a Mayi Veronica amasanja pamphasa, ife ankatikoleka m'khosi. Ukalankhula Chilomwe pabwalo la sukulu, chigoba n'chako mpaka utagwira mnzako. Ndidaphunzira msanga, ndidakhoza mayeso, ndidapeza ntchito m'tauni. Amayi anga atakalamba adabwerera ku chilankhulo cha ubwana wawo. Ankandiuza zinthu zambiri, nthawi zina akuseka okha, ine nditakhala m'mbali mwa mphasa yawo ndikungogwedeza mutu ngati mlendo. Zimene ankasekazo sindidzazidziwa. Chichewa n'chathu tonse, Chingerezi chidzamupezera mwanayo ntchito, koma pakhomo panu pakhale duku lachitatu. Amake asankhe mtundu, alimange popeta mpunga ndi pochapa, ndipo likakhala kumutu, pakhomo ponse pakhale Chiyao chokhachokha, inunso muli momwemo. Lamulo la maduku Zuhura akulidziwa kale kuposa inu, adzakulondani yekha.

Chenjezo langa nali. Dzanja lija musalitambasule ndinu. Adalifupikitsa yekha, alitalikitse yekha. Muuzeni Zuhura kuti tsiku limene amalume ake adzakhale m'chisakasa, nthawi asankhe mwini wake, koma amalumewo asadzakwere njinga kubwerera ku Songani iye asanagwire khutu pamaso pawo. Ndipo inu bambo, nthawi imeneyo ikadzafika, yang'anani pansi. Mukadzangoseka, mlamu wanu adzaganiza kuti mudapangana ndi mwanayo, chaka chija n'kuthera pomwepo. Phwete likadzakugwirani, tulukani msanga mukathamangitse akhwangwala. Ndamva kuti akukutherani matemba.

Phungu wanu